Ndodo ya ma flap imene inkathawa m'dzino

Ndegeyo inabwera Lolemba m'mawa kumene ndimagwira ntchito yokonza ndege, ya anthu awiri, yomangidwa ndi mwini wake m'galaja kwa zaka zingapo. Bambowo, munthu wachikulire wofatsa, anatsika nkhope ili yakugwa. "Achimwene, Loweruka ndinatsala pang'ono kutera kutchire," anatero. Akutsetsereka kuti atere, ma flap ali pa dzino lachiwiri, ndodo yowatsitsira inangoti khwa! n'kugwera pansi yokha. Ma flap anabwerera m'malo nthawi imodzi, ndege n'kutitimira. Chinawapulumutsa n'choti dzanja linali kale pa throttle, chowonjezerera mphamvu ya injini.

Ma flap ndi zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimapindikira pansi kuti ndege ithe kuuluka pa liwiro lochepa ndi kutsika motsetsereka. Ndege zambiri zimawatsitsa ndi mota ya magetsi, koma iyi ili ndi ndodo pakati pa mipando, ngati handibuleki ya galimoto. Ukakoka, pini yachitsulo imakola m'mano a kambale kali m'munsi mwake. Ukadina batani la pamwamba, kachitsulo ka mkati mwa ndodo kamachotsa piniyo. Ndege yaing'ono ya Piper Cherokee nayo ndi ya ndodo, mano ake ali pa madigiri 10, 25 ndi 40. Ine njira imeneyi ndimaikonda: ilibe fyuzi, ilibe mota, ndipo dzanja limamva mphamvu ya mphepo.

Lolemba lonse ndinakoka ndi kutsitsa ndodoyo mpaka mkono kuwawa. Inkakola bwinobwino, dzino lililonse kumveka kuti kha. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anati, "Bwana, mwina bambowa anakhudza batani osadziwa." Ndinamukaniza. Mawu amenewo akangotuluka m'kamwa, makaniko amasiya kufufuza, ndipo ndege imabwerera kwa mwini wake ndi nthenda yake yomweyo. Ndege ikakhala pansi, ma flap amangolendewera, palibe chowakankha. M'mwamba mphepo imalimbana nawo kuti abwerere, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa m'zitsulo zolumikiza n'kukathera pa kapini kamodzi kaja. Ife tinkayesa ndodo yopanda katundu.

Lachiwiri tinaipatsa katundu. Mnyamata uja ndi mnzathu wina anaima wina phiko ili wina ilo, zikhatho pansi pa flap pafupi ndi pamene pamangika chitsulo chokankha, osati kumapeto kopyapyala kumene kungabonyoke. Ndinakoka kufika pa dzino lachiwiri, iwo n'kukankhira m'mwamba pang'onopang'ono. Ndinangogwedeza ndodo ndi chigongono, monga zimachitikira mphepo ikamawinduka, basi inathawa. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa vuto limene waliona ndi maso limakonzeka.

Titachotsa mipando ndi mbale za pansi, ndinalowetsa tochi ndi kagalasi. Pansi pa kambale ka mano panali fumbi lotuwa losakanikirana ndi girisi. Limenelo ndi aluminiyamu wodyeka. Pulani ya ndegeyi imati kambaleka kakhale ka chitsulo cholimba cha mtundu wa 4130, koma bambowo anakadula mu aluminiyamu, wosavuta kusema ndi tupa komanso wopepuka. Pini yachitsulo inakhala ikumudya chaka ndi chaka. Dzino loyamba ndi lachitatu anali akuthwa ndithu, koma lachiwiri, limene amaterera nthawi zonse, linali litasalala ngati mwala wa mumtsinje. Kuwonjezera apo, kachitsulo ka mkati mwa ndodo kanatalika pang'ono, moti pini sinkafika pansi pa mpata, inkangokhala theka. Sipuling'i nayo inali itatopa.

Nditawaonetsa bambowo, anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Ndinasema ndekha, ndinkakanyadira." Sindinawadzudzule. Ndege yawo ndi yomangidwa mwaukhondo, ma rivet, timisomali tolumikizira malata a ndege, ali pa mzere ngati osoka ndi makina. Koma pa ndege yomanga wekha, pepala limanena zimene zinayenera kukhalapo, ndipo zimene zilipo umazidziwa utagona chagada ndi tochi.

Lachitatu linapita ndi kudula kambale katsopano, kufupikitsa kachitsulo kaja ndi kuika sipuling'i ina. Bawuti imene ndodo imazungulirapo inali ndi nati ya nayiloni. Ndinaika castle nut, nati ya mipata pamutu, ndi cotter pin yake, kapini kodutsa m'mipatayo kuti nati isamasuke, monga ziyenera kukhalira pa bawuti yozungulira.

Chimene chinandisowetsa tulo chinapezeka Lachinayi. Ndinaika levulo ya digito pa flap iliyonse kuti ndione ngati akutsika mofanana. Osawakhudza, anali ofanana. Mnyamata atakankha, ya kumanja inalimba, ya kumanzere inakwera madigiri 3. Ma flap onse awiri amayendetsedwa ndi paipi imodzi yopingasa, ndipo mkono wa kumanzere unamangidwa pa paipiyo ndi bawuti ya AN3, ya 3/16 inchi. Bowo lake linali litakula n'kukhala ngati dzira. Ndinawaimbira foni bambowo kufunsa ngati ndege imapendekera kumanzere akatsitsa ma flap. "Eya, kuyambira chaka chatha. Ndinangozolowera." Tsiku limene bowolo likanang'ambika, flap imodzi ikanakhala pansi ina m'mwamba, ndege n'kuyamba kugubuduka ili pafupi ndi nthaka. Chitsulo chozungulira bowo chinali chokwanira, choncho ndinalikulitsa ndi reamer, chida chokulitsira bowo mwa muyezo, kufika 1/4 inchi, n'kuika AN4 yolowa mothina. Ndinayang'ananso ma rod end onse, timitu topotera kumapeto kwa zitsulo zokankha, kulowetsa kawaya m'kabowo koyesera kuti nditsimikize kuti mazinga alowa mokwanira, n'kumanga ma jam nut, manati otsekera kuti timituto tisamasuke.

Lachisanu mnzanga wina amene sanagwire nawo ntchitoyi anayang'ana zonse ndi maso ake tisanatseke pansi. Masana tinauluka ndi bambowo, tinakwera kutali ndi nthaka, liwiro lili mkati mwa mzere woyera wa pa geji, umene umaonetsa liwiro lololedwa kutsitsa ma flap. Dzino loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ndinamenya ndodo ndi chikhatho pa lililonse, osasuntha. Ndinawakumbutsa kuti pobweza ma flap aziyamba akokera ndodo m'mwamba pang'ono asanadine batani, kuti pini isamakhule dzino. Pa dzino lachiwiri anachotsa dzanja pa chiwongolero, mapiko anakhala chilili. Titatera ndinalemba zonse m'buku la ndege, ndipo kambale kakale kaja anapempha kuti apite nako kunyumba.