Nyumba ikatentha musathamangire eyakoni kaye

Anthu ambiri nyumba ikayamba kutentha amangoganiza zogula eyakoni yayikulu basi, koma ine ndimati tiyambe tafunsa kuti kutenthako kwalowera pati. Nyumba ili ngati akaunti ya kubanki, pali zolowa pali zotuluka, zolowa zikachuluka ndiye thukuta lija, ndipo eyakoni imadya magetsi pongotulutsa kutentha komwe kwatsalira mkatimo.

Dzuwa ndiye bwana wake. Masana kumwamba kukayera limaponya ma watts (muyeso wa mphamvu, wonga wolembedwa pa babu uja) pafupifupi 1000 pa sikweya mita iliyonse, ndiye taganizani denga lonse la malata lopanda siling'i. Pa zenera ndiye zimanyanya, galasi limalola kuwala kudutsa bwinobwino koma kukafika pansi ndi pamipando kumasanduka kutentha, potuluka ndiye kumavuta. Zenera loyang'ana kumadzulo ndi loipitsitsa chifukwa dzuwa limakhala lapendeka nkumalowa molunjika, pomwe nyumbayo yatentha kale tsiku lonse. Makatani amathandiza pang'ono chabe poti kutentha kumakhala kwadutsa kale galasi, mthunzi wakunja ndiye weniweni, kaya mtengo kaya khonde.

Koma china chomwe timaiwala ndi ifeyo eni ake. Munthu wongokhala phee amatulutsa ma watts pafupifupi 100, anthu 10 mchipinda chimodzi ndi 1000 imeneyo. Onjezanipo TV, kompyuta, ayironi, mababu akale aja omwe pafupifupi 90 peresenti ya magetsi ake imathera kutentha osati kuwala. Firiji nayo imazizira mkati koma kumbuyo kwake ikutenthetsa chipinda, mukaisiya chitsegukire kuti muzizidwe ndiye mwawonjezera vuto. Ngakhale fani saziziritsa mpweya ayi, imangoumitsa thukuta pakhungu, ndiye kuisiya ikuzungulira mchipinda mopanda munthu nkungotaya magetsi.

Nanga usiku bwanji kumatenthabe dzuwa litalowa kalekale? Njerwa ndi konkire zimasunga kutentha kwa masana nkumakutulutsa pang'onopang'ono, nchifukwa chake kunja kukazizira ndi bwino kutsegula mawindo mbali ziwiri mphepo idutse.

Kumayiko ozizira kutentha komweku amakufuna. Nyumba za Passivhaus, yoyamba inamangidwa ku Darmstadt ku Germany mu 1991, amazikuta bwino kuti kutentha kusamathawe moti dzuwa, anthu ndi zipangizo zamagetsi zimatenthetsa gawo lalikulu, hita imangowonjezera zosapitirira 15 kWh (mayunitsi onga a magetsi aja) pa sikweya mita pachaka. Koma nazonso chilimwe chikafika popanda mthunzi pamawindo zimatentha mpaka eni ake kudandaula.