Nkhomo ya 64

Injiniyo ndi ya dizilo, ya masilinda atatu, ya boti lonyamula anthu ndi matemba pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi. Ndinaiphwasula ndi kuimanga ndekha: maringi atsopano, mabelingi atsopano, crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amachizungulitsa) yosemedwa 0.25 mm. Titailiza, kanyali kofiira kochenjeza kuti pulesha (mphamvu yokankha oyilo) yachepa kanakana kuzima. Mwini boti anangondiyang'ana ngati ndamudyera mbuzi.

Ndinayamba ndi zotchipa. Oyilo wa 15W-40 anali pa mzere wake, sankanunkha dizilo, komanso sanali wotuwa ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi sanalowemo. Kenako ndinamasula kaswitchi koyatsa kanyali kaja, poti timeneti timanama kawirikawiri, n'kumangapo geji ya paipi yoyezera pulesha. Ife timawerengera 10 psi (muyezo wa pulesha) pa 1,000 rpm (maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi) iliyonse, ndipo injini yozizira imayenera kudutsa 40 ikangolira. Yanga inaonetsa 6. Nditaikweza kufika 2,000 rpm, muvi unakwawa mpaka 9 n'kukhala pansi.

Pamenepa geji inali itandiuza kale. Pulesha ikamatsika injini itatentha, kayikirani mpata wa mabelingi, chifukwa oyilo wotentha amapyapyala n'kumathawira m'mbali. Ikakhala yotsika injini ili yozizira, ndiye kuti pampu ikukoka mpweya, kapena pali chibowo penapake. Izi ndimaphunzitsa anyamata. Koma tsikulo ndinasankha kunyoza wosema crankshaft, mokweza, asodzi onse akumva.

Fyuluta ndinasintha, palibe. Relief valve, kavavu kophungula pulesha ikachuluka, ndinaitulutsa: sipuling'i yosathyoka, kapisitoni kake kakuyenda bwinobwino, kosakakamira. Tsono m'boti sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, imakhala pafupi ndi matabwa apansi, dzanja silingalowe, choncho tinazika mitengo itatu ya bulugama n'kuzula injini yonse ndi tcheni. Sefa ya paipi yokokera oyilo inalibe zinyenyeswa za silikoni, gasiketi yake inali yogwira. Mabelingi olembedwa 0.25 monga mmene ziyenera kukhalira, ndipo Plastigage, kaulusi ka pulasitiki koyezera mpata wa mabelingi, inapereka mpata wa 0.05 mm paliponse. Wosema uja analibe mlandu. Nkhaniyi ndinainena motsitsa mawu.

Kunatsala njira imodzi. Sampu ili yochotsa, mumathira oyilo mu sipuleya yoyera ya kumunda, n'kulumikiza paipi yake pa bowo la kaswitchi kaja, wina n'kumapopa inu mukuyang'ana kunsi. Mabelingi abwino amangodontha, dontho ndi dontho, pomwe pali vuto pamachucha. Ndinagona chagada pansi pa injini n'kuuza mnyamata wanga kuti apope. Mabelingi anadonthadi mwaulemu. Koma kuseri kwa chivundikiro cha magiya a taimingi kunatsika oyilo ngati mpopi wa pa mjigo, ndipo woyamba kumulawa ndinali ine.

Titatsegula tinapeza bowo la mazinga lili yasa! Potsuka njira za oyilo ndi parafini ndi kaburashi, timamasula timabawuti totseka kumapeto kwake. Ndinachotsa titatu, n'kubwezera tiwiri. Pampu inkagwira ntchito yake mokhulupirika, kungoti oyilo ankabwerera mu sampu asanafike kwa eni ake.

"Madala," anatero mnyamatayo, akuyang'ana kumbali, "kabawuti kafupi kopanda mutu? Si kaja munaika pa bawo Lachiwiri, nkhomo imodzi itasowa?"

Ndinakapeza pansi pa mtengo, m'dzenje lachitatu, katayamba kale kuwala ndi manja a anthu. Akuluakuluwo anakana kukatulutsa masewero ali pakati, ati nkhomo zikhala 63. Ndinadikira ndili noninoni, ntchentche zikundizungulira, mpaka wina atagonja, ndipo anandipatsa pokhapokha nditasiyapo nati ya M8.

Kabawutiko ndinakapaka mankhwala omata mazinga, osati tepi yoyera, chifukwa zidutswa za tepiyo zimakatseka njira za oyilo. Geji inaonetsa 55 psi injini ili yozizira, 22 itatentha ikulira payokha. Mwini boti atamva za nati ija sanayankhule. Anatenga tochi, n'kugwada m'boti, n'kuyamba kuwerenga manati a injini yake imodzi ndi imodzi.