Mwana wamkulu adakali panja

Lachitatu lililonse madzulo timakumana m'kachipinda kakuseri kwa tchalitchi, kuphunzira Uthenga Wabwino wa Luka mutu ndi mutu. Sabata yatha tinafika pa mutu 15, fanizo la mwana wolowerera. Ndinapita ndi mtima woti nkhaniyi ndimaidziwa kale kuchokera ku Sande sukulu, koma m'kope langa tsamba la tsikulo lathera pakati.

Abusa anayambira pa chuma. Pa Deuteronomo 21:17 mwana wachisamba amalandira magawo awiri, ndiye kuti pa ana aamuna awiri, wamng'onoyo anatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma cha bambo ake, bamboyo akadali moyo. Kwathu kuno kupempha cholowa mwini wake akupuma n'chimodzimodzi kumuuza kuti wachedwa kufa. Mnyamatayo anakathera ku nkhumba, nyama imene Levitiko 11:7 imati ndi yodetsedwa kwa Myuda. Zonsezi ndinalemba bwinobwino.

Pa vesi 20 m'pamene tinakhalitsa. Bambo anamuona mwana akadali kutali, anagwidwa chifundo, n'kuthamanga. Mawu a Chigiriki amene Luka anagwiritsa ntchito, splagchnizomai, amachokera ku liwu lotanthauza zam'mimba: chifundo chimene chimakupotokola m'kati usanaganize n'komwe. M'Chiheberi namonso liwu la chifundo, rachamim, ndi lapachibale ndi rechem, chiberekero. Tinatsegula Yesaya 49:15, pomwe Mulungu akufunsa ngati mayi angaiwale mwana wake woyamwa, n'kunena kuti ngakhale mayi ataiwala, Iye sangaiwale. Mayi wina wachikulire, amene salankhulalankhula m'kalasi, anangoti, “Abusa, mwana ukam'bereka kumsana kutentha kwake sikuchoka, ngakhale amere ndevu.”

Chinanso chimene ndinali ndisanachionepo: mawu amene mwanayo anakonzekera ali ku nkhumba anali ndi pempho loti amuyese ngati mmodzi wa aganyu. Atafika, pempholo sanalimalize. Bambo anali ataitanitsa kale mkanjo wabwino koposa, mphete, nsapato ndi mwana wang'ombe wonenepa. Palibe pomwe anamufunsa kuti ndalama zija zinapita kuti.

Apa m'pomwe cholembera changa chinaima, chifukwa ndinakumbukira nkhuku.

Bambo athu atamwalira anasiya ng'ombe zitatu. Mng'ono wanga anagulitsa ziwiri osauza munthu, ngakhale amalume, n'kukwera basi ya ku Joni. Anati akakayamba ntchito atumiza ndalama zogulira zinayi. Miyezi yoyamba ankaimba, kenako foni inangoti zii. Zaka zisanu ndine amene ndinkagula feteleza, ndine ndinafolera nyumba ya amayi mvula itasasula denga, ndine ndinkagona pansi pa bedi lawo kuchipatala atadwala chibayo. Tsiku lina mng'ono wanga uja anatulukira, atawonda, m'manja muli kajumbo kamodzi kokha. Amayi anali pamtondo. Anaponya munsi, chitenje chikumasuka, n'kuthamanga, amayi amene mawondo amawavuta ngakhale pokwera pakhonde. Madzulo ake anapha tambala wamkulu uja ankamusungira Khrisimasi, ndipo nthutumba ndi chiwindi anaika m'mbale ya iyeyo.

Ine sindinadye. Ndinati m'mimba mwandivuta. Amayi ananditsatira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza motsitsa mawu, “Mwanawe, amene uja ndi m'bale wako, munayamwa bere limodzi.” Ndinayankha kuti, “Mwana wanuyo watisaukitsa, amayi.”

Mawu omwewo ndinawapeza pa vesi 30. Mwana wamkulu sanena kuti m'bale wanga, akuti mwana wanuyu. Ndipo pa vesi 32 bambo akumubwezera mawuwo mofatsa: m'bale wakoyu. Dandaulo lakenso ndi langa ndendende, zaka zonsezi ndakugwirirani ntchito, simunandipatse ngakhale kamwana ka mbuzi. Ndinachita manyazi kuona kuti kutumikira kwanga kwa zaka zisanu ndinkakulemba mumtima ngati ngongole, feteleza wakuti, malata akuti, ndikuyembekeza kuti tsiku lina chikondi cha amayi chidzagawidwa motsatira kaundula ameneyo.

Sindikunena kuti zimene anachita mng'ono wanga zinali zabwino. Ng'ombe zija sizinabwerere, ndipo chaka chimene anachoka tinalima ndi makasu okha munda umene kale unkalimidwa ndi pulawo. M'kalasi bambo wina anafunsa ngati chikondi chotere sichilimbikitsa ana kulowerera. Funsolo ndi lenileni, ndipo sitinalithetse. Koma abusa anatibwezera pa mavesi 1 ndi 2: Yesu ananena fanizoli kwa Afarisi ndi alembi amene ankang'ung'udza kuti akudya ndi ochimwa. Omvera ake enieni anali ana aakulu, anthu okhulupirika, osajomba. Anthu ngati ine.

Ndipo bambo wa m'fanizoyo anatuluka kawiri. Koyamba anathamangira wolowerera, kachiwiri, pa vesi 28, anasiya phwando n'kukadandaulira wokwiya uja, ndipo pa vesi 31 anamuuza kuti zonse zimene bamboyo ali nazo ndi zakenso. Zaka zonsezi ndinkangokumbukira kuthamanga kwa amayi pamtondo paja. Ndinaiwala kuti usiku womwewo anasiya alendo m'nyumba, anasiya nsima yawo ikuzizira, n'kudzaima nane mumdima kuseri kwa nkhokwe.

Fanizolo limatha Luka asanatiuze ngati mwana wamkulu analowa. Abusa anatipatsa ntchito yoti aliyense akalembe yekha vesi 33, poti mutuwo umathera pa vesi 32. Ine sindinalembe. Loweruka ndinakwera njinga kupita kudimba komwe mng'ono wanga tsopano amalima tomato ndi mpiru. Ndinam'peza akuthirira ndi keni yodontha. Anaimirira n'kuvula chipewa, akuoneka kuti akuyembekeza mawu. “Achimwene, kwagwanji?” Ndinati palibe, ndangobwera. Panali keni ina pansi pa mtengo wa nthochi, ndinaitenga n'kutsikira kuchitsime.