Mmene tinapalasira njinga kuchoka pa boma mpaka ku Makanjira

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti ulendo uja wa njinga tinauyenda bwanji, ndiye bola ndingofotokoza zonse kamodzi. Tinalipo anthu 9, azimayi awiri, ndipo mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 100 kuchoka pa Mangochi boma kutsata gombe la kum'mawa kwa nyanja.

Choyamba chinali kusankha mwezi. Ena amafuna Okutobala, ine ndinakana ndithu, aliyense wa kuno akudziwa mmene dzuwa la Okutobala limaotchera. Tinagwirizana Julaye, kunja kukuzizira komanso mwera ukuwomba kuchokera kummwera, ndiye popita kumpoto umakhala ukukukankha kumsana. Mphepo imeneyi inatithandiza kwambiri moti ndimaiyamikirabe mpaka pano.

Kutatsala masiku awiri aliyense anapititsa njinga yake kwa amakanika. Mabuleki, tcheni, masipoko, zonse kuziona. Njinga zathu zambiri ndi zakaunjika zomwezi zamagiya, palibe yodula. M'chikwama munali machubu awiri, pampu, sulushoni ndi zigamba, sipanala, mabotolo awiri amadzi, mtedza wokazinga ndi nthochi. Malamulo tinaika awiri basi: mmodzi akaima tonse tiyime, ndipo munthu wamphamvu azikhala kumbuyo osati kutsogolo.

Tinakumana pa chipilala cha wotchi chija pafupi ndi mlatho cham'ma 5 koloko kudakali kamdima, adhana atangomveka kumene m'mizikiti. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kenako n'kusiya msewu wokwera ku Chowe wopita ku Namwera ndi Chiponde uja, ife n'kukhotera kumanzere. Mpaka ku Malindi zinali zofewa, timacheza tikupalasa, migwalangwa mbali iyi ndi iyi, akabaza akutipitirira atanyamula mabasiketi a usipa. Pa Malindi, pomwe pali mishoni yakale ya Anglican ndi chipatala cha St Martin's, tinamwa tiyi ndi mandasi n'kudzaza mabotolo.

Ulendo weniweni unayamba titadutsa ku Lungwena. Fumbi, timiyala, mabampu aja ogwedeza manja mpaka zala kuchita dzanzi, kenako mchenga. Mchenga abale! Tayala lakutsogolo limangotitimira, handulo n'kumapita kwake, ukati ulimbikire ndiye wagwa. Awiri anagwa pamalo amodzi, mwamwayi pofewa. Amene anatiphunzitsa ndi bambo wina wakabaza yemwe anaima kutiyang'ana, akuti "Achimwene, matayala mwapopa kwambiri awa, phwetsani pang'ono, ndipo muziyenda m'mphepete momwe tadutsa ifemo." Tinaphwetsadi, tinaika giya yopepuka, thupi kulikokera kumbuyo pa chishalo, osagwira buleki yakutsogolo, osasiya kupalasa. Zinasintha nthawi yomweyo. Pomwe mchenga wachuluka zedi timangotsika n'kumakankha, ndipo palibe amene amamuseka mnzake.

Matayala anaphulika kasanu tsiku lonse, makamaka chifukwa cha minga. Poyamba timataya nthawi kumata chubu pamsewu pomwepo, kenako tinaona kuti bola kungoika chatsopano, chophulikacho n'kukamatitsa pa sitolo zotsatira, poti pafupifupi paliponse pamene pali kamsika pamakhala munthu wokonza njinga pansi pa mtengo. Tcheni ya mnzathu itaduka, mnyamata wina anailumikiza ndi hamala ndi msomali basi, ndipo inafika mpaka kumapeto.

Pomwe ndinaopa kwenikweni ndi cham'ma 1 koloko. Mlongo wathu mmodzi anangoti zii, anasiya kuyankhula, kenako miyendo inayamba kukokana ndipo madzi anali atatithera tonse. Apa ndi pomwe tinalakwitsa, timaganiza kuti kukazizira m'mawa ndiye ludzu silivuta, tinadutsa mijigo iwiri osaima. Tinamukhazika pansi pa mlambe, awiri anatsogola kukafuna madzi. Mayi wina wa pakhomo lapafupi atationa anabwera ndi ndowa yamadzi ndi thobwa m'jagi, akuyankhula Chiyao, ife tikuyankha Chichewa chosakaniza ndi ka "sikomo" komwe timadziwa. Tinasungunula shuga ndi kamchere m'madzi n'kumupatsa mlongo wathuyo pang'onopang'ono. Tinati tiwapatse kangachepe mayi aja, anakana, akuti "Ana anga, mlendo salipira madzi." Tinakhala pamenepo ola lathunthu. Ena amati timukweze galimoto ikadutsa, iye anati ayi ndimaliza, ndiye tinamulanda chikwama, achimwene amphamvu aja n'kumayenda pambali pake dzanja lili pamsana pake pa zitunda.

Kuyambira apo mjigo uliwonse timaima, kaya mabotolo ndi odzaza kaya ayi. Makilomita omalizawo sindikumbuka zambiri, ndimangoona tayala la yemwe ali patsogolo panga, msana ukuwawa, pokhalira pakuotcha, nyanja ikuonekera apo ndi apo kumanzere. Ana amatithamangira m'midzi akukuwa, ndipo kunena zoona phokoso lawo lija limatipatsa mphamvu.

Tinalowa pa Makanjira dzuwa litapendeka kwambiri, cham'ma 5 koloko, tonse 9 pamodzi, nkhope zili mbuu ndi fumbi. Tinapeza malo ogona, kusamba, kenako nsima ya utaka wootcha yomwe sindidzaiwala. Zobwerera panjinga tinali titakana kale, chifukwa mwera womwe unatikankha uja ukanatiwomba kumaso ulendo wonse. M'mawa mwake tinamangirira njinga pa lole ya matola, tinaika makatoni pakati kuti zisakandane, ife n'kukhala pamwamba pa matumba a usipa mpaka pa boma.