Mmene tinadzutsira Land Rover yomwe inagona ku Beni

Nditafika ku Beni, kum'mawa kwa DRC, ndinapeza Land Rover Defender 110 itagona kuseri kwa galaja yathu, udzu utamera mpaka m'mawilo. A Sajeni sanachulutse gaga m'diwa: "Imeneyo iyende." A UN amayendera zida za gulu lililonse losungitsa mtendere, ndipo galimoto yakufa saiwerengera. Asilikali a Malawi anayamba kugwira ntchito kum'mawa kwa DRC limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa mu 2013, ndiye galimoto zina zaona zokhoma.

Mnzanga wina anafuna kungomangirira batire n'kuiliza. Ndinamugwira dzanja. Galimoto yomwe yavumbwa miyezi ndi mvula ya ku North Kivu, chigawo chomwe kuli Beni, suiyambira pa kiyi, umaiyambira ku thanki. Tinakhetsera dizilo m'chigubu choonekera mkati, ndipo posakhalitsa madzi anakhala pansi, pamodzi ndi zinyalala zakuda zonanda ngati phala. Tinatsuka thanki ndi sedimenter (kambiya kosefa madzi ndi zinyalala mu dizilo), tinaika fyuluta yatsopano, kenako ndinayamba kupopa ndi chala kachitsulo ka pa lift pump (pampu yokoka dizilo ku thanki) kuti mpweya utuluke. Kachitsuloko kakamangogwedera osakoka dizilo, pampu siinafe ayi, tembenuzani injini pang'ono ndi sipanala, kagwiranso. Ndinapopa mpaka dizilo atatuluka wopanda thovu pamwamba pa fyuluta.

Pomwe ndinataya thukuta ndi pa lamba wa timing, yemwe amachititsa kuti ma valavu ndi pampu ya dizilo ziziyendera nthawi imodzi ndi mapisitoni. Injini yake inali 300Tdi, ya dizilo, malita 2.5. Ndi injini yopirira, yopanda kompyuta yoti ikuzunguzeni mutu, koma lamba ameneyu akaduka ikulira, ma pushrod (timitengo tachitsulo tokankha ma valavu) amapindika. Pansi pa chivundikiro cha lambayo pali kabowo, ndipo kena kali pansi pa bell housing (chivundikiro cholumikiza injini ndi giyabokosi). Timabowoti timatsekedwa ndi wading plug (kapulagi kotchinga madzi) pokhapokha mukamawoloka madzi akuya, mukatuluka mumachotsa. Wina anawoloka mtsinje n'kuiwala. Nditamasula pulagiyo, oyilo wakuda ananditsikira m'khwapa. Siilo (karabala kotchinga oyilo) inkadontha, oyilo analibe potulukira, lamba n'kumasambira momwemo. Tikanailiza tsiku loyamba lija, bwenzi tikunena zina.

Lamba wogwirapo kale ntchito sindiika, ngakhale aoneke bwanji. Zina zambiri, monga sitata, magalasi ndi masipuling'i, tinazula pa inzake yomwe inatheratu, poti Defender yamtunduwu anasiya kupanga mu 2016 ndipo masipeya kutchire kuja safika msanga. Koma lamba ndi masiilo tinadikira atsopano milungu itatu. Atabwera, ndinaika pisitoni yoyamba pamwamba, ndinakhoma flywheel (gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini) kuti isazungulire, ndipo pampu ya dizilo ndinaitseka ndi drill bit ya 9.5mm chifukwa pini yake yeniyeni inasowa kalekale m'bokosi. Nditamanga lamba ndinatembenuza injini kawiri ndi manja, n'kuonanso ngati zizindikiro zikukumanabe. Apa musathamange, ngakhale akuluakulu aime kumbuyo kwanu akuyang'ana wotchi.

Podikira paja sitinakhale manja lende. Oyilo wa mu difu (magiya a pakati pa ekiselo) yakutsogolo anatuluka woyera ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti munalowa madzi. Kapaipi kopumira ka pa ekiselo kanali katatsekeka ndi matope, ndiye ekiselo yotentha ikalowa m'madzi ozizira inkayamwa madzi kudzera m'masiilo. Tinakatsegula ndi waya, tinathira oyilo wa magiya wa EP90 watsopano m'madifu onse ndi mu transfer box, bokosi logawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Mabuleki anali atagwira dzimbiri, tinawamasula, basi.

Inalira ulendo wachitatu, utsi woyera tolo, kenako inakhazikika. Anyamata anaimba m'manja, koma ine maso anali pa geji ya kutentha. Mutu wa 300Tdi ndi wa aluminiyamu, ukatentha kwambiri umapindika, ndipo matope ofiira a kumeneko akaumira pa rediyeta amakhala ngati njerwa. Tinaiyesa pamsewu wopita ku Mavivi, difuloko (chomangirira ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti ziyendere limodzi) inalowa ndi kutuluka bwinobwino, singano siinasunthe pakati.

Kuyambira pamenepo, ikabwera ku patrol siinkagona ndi matope. Timatsuka rediyeta kuchokera kumbuyo kuti dothi litulukire komwe linalowera, timapopera girizi mu propshaft (chitsulo chopititsa mphamvu ku ekiselo) mpaka wakale atatuluka, ndipo Loweruka lililonse timakhetsa madzi mu sedimenter. Madalaivala ena ankati ndine wovuta, poti kiyi sindinkapereka munthu asanagwade n'kusuzumira pansi. Mapulagi awiri aja ndinawamangirira pa waya pamodzi ndi kiyi, kuti aliyense woitenga awaone ali m'manja mwake, ndipo akabwera kiyi ili yokha ndinkadziwa kuti awoloka mtsinje, n'kulowa pansi ndi sipanala.