Komiti Yobadwa Ikudziwa Tsiku Lake Lomwalira

Mtima wakhala pansi tsopano. Phunziro la m'kosi yathu la kugawana nzeru pakati pa anthu odzipereka pa masewero akuluakulu monga a Olimpiki linkandizunguza mutu, koma sabata ino lalowa. Za kusiyana kwa nzeru zolembedwa ndi zosalembedwa, zija zimangokhala m'mutu mwa munthu, sindibwereza, nonse a kosi ino munatopa nazo.

Chomwe chanditsegula maso n'chakuti komiti yokonza masewero imabadwa ikudziwa tsiku lomwe idzathe. Pakampani wamba, wakale amaphunzitsa watsopano pang'onopang'ono, zaka n'kumapita. Kuno ayi. Pa Olimpiki ya ku London mu 2012, anthu odzipereka pafupifupi 70,000, aja ankatchedwa Games Makers, anavala yunifolomu kwa masabata ochepa chabe, mwambo wotsekera utatha aliyense ulendo kwawo. Ku Paris mu 2024 analipo pafupifupi 45,000. Zomwe anaphunzira anapita nazo m'mutu.

Ndipo si nzeru zachabe. Taganizirani mayi woima pageti ya bwalo. Pofika tsiku lachitatu amakhala atadziwa kuti anthu sabwera mofanana: sitima ikangotsitsa pasiteshoni amakhamukira onse pamodzi ngati madzi osefukira, kenako kuli zii. Wazindikira kuti ambiri safunsa za mpando, amafunsa za chimbudzi, ndiye amaloza asanafunsidwe. Akudziwa khomo lomwe limapanikizana mvula ikayamba, komanso nthawi yoitanira anzake pawailesi mzere usanatalike. Mukamuuza kuti alembe zomwe akudziwa, alemba mizere iwiri basi, poti kwa iye zimenezi zasanduka chizolowezi, sazionanso ngati nzeru.

N'chifukwa chake bungwe la IOC, loyang'anira masewero a Olimpiki, kuyambira pa masewero a Sydney mu 2000, linakhazikitsa ndondomeko yoti mzinda wina uzisiyira unzake zomwe waphunzira. Okonza masewero otsatira amapita kukaonerera anzawo ali pantchito, ndipo masewero akatha pamakhala msonkhano wounikira. Wa London unachitikira ku Rio, mzinda womwe unkakonza Olimpiki ya 2016, mu 2012 momwemo. Ine mtima wanga uli pa kuonereraku. Ndikanakhala ndi mphamvu, ndalama za malipoti ndikanazithira zonse pa kutumiza anthu kukaima pambali pa amene akugwira ntchito, aziona ndi maso, azifunsa pompo. Lipoti limanena zomwe zinachitika, koma silionetsa nthawi yomwe munthu anasintha maganizo.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athera masabata akutijambulira pabolodi mabokosi anayi a Nonaka, katswiri wa ku Japan amene anafotokoza momwe nzeru zimasamukira pakati pa anthu, osatipatsa chitsanzo ngakhale chimodzi cha pabwalo. Pano asayinimenti yayandikira, nthawi yowerenga mofatsa palibe.

Komabe pali pena pomwe pakundivutabe. Opita kukaonerera aja amakhala mabwana olipidwa, ndipo amacheza ndi mabwana anzawo. Nanga wodzipereka wamba amafunsidwa ndi ndani? Komanso zomwe zinayenda ku London, kodi zingayende mumzinda wa misewu ina ndi anthu a khalidwe lina? Mwina nzeru zina sizisamuka n'komwe, aliyense ayenera kuzipeza yekha. Apa sindinafike poti n'kutsimikiza.