Lachitatu pa Great East Road: Sylow ndi ma group a order 30 ndi 36

Kalasi ya abstract algebra pa UNZA (University of Zambia) lero yathera pa ma theorem atatu a Sylow. Ludwig Sylow wa ku Norway anawasindikiza mu 1872, ndipo mpaka pano ndiwo chida choyamba chimene munthu amatola akapatsidwa group yosadziwika, atangouzidwa kuchuluka kwa ma element ake basi.

M'mawa pa bolodi panalembedwa malamulowo. Order ya group G, kutanthauza kuchuluka kwa ma element ake, ikhale p^k × m, pomwe p ndi prime yosagawa m. Subgroup ya order p^k, yotchedwa Sylow p-subgroup, ilipo ndithu. Ma subgroup onse otere ndi conjugate: aliyense amapezeka kuchokera ku mnzake H polemba gHg^-1, pomwe g ndi element ya G. Chiwerengero chawo, n_p, chimagawa m, ndipo chikagawidwa ndi p pamatsala 1. Ngati n_p ndi 1, subgroup imeneyo ndi normal, kutanthauza kuti gHg^-1 ndi H yemweyo pa g aliyense. Lamulo loyambalo si lachabe, chifukwa theorem ya Lagrange, yoti order ya subgroup imagawa order ya group, imayenda njira imodzi yokha: A4, group ya ma even permutation a zinthu 4, ili ndi ma element 12, 6 amagawa 12, koma subgroup ya order 6 mulibe.

Order 15 sinatenge nthawi. n_5 iyenera kugawa 3, ndipo ikagawidwa ndi 5 patsale 1, choncho ndi 1. n_3 ndi 1 kapena 5, koma 5 akagawidwa ndi 3 pamatsala 2, ndiye nayonso ndi 1. Group yotere ndi cyclic basi. Pa 21 zimasintha: 7 akagawidwa ndi 3 pamatsala 1, n_3 ikhoza kukhala 7, ndipo group yosakhala abelian (momwe ab safanana ndi ba nthawi zonse) ya order 21 ilipodi.

Ntchito yeniyeni inali masana pa tutorial. Funso linali kusonyeza kuti palibe simple group ya order 30, kutanthauza group yopanda normal subgroup ina kupatula identity ndi iyo yonse. Mapepala ambiri anafika bwino pa n_5 = 1 kapena 6, n_3 = 1 kapena 10, kenako n'kuima pompo. Ena anangosankha 1 popanda chifukwa. Sylow sasankhira munthu, amangochepetsa manambala otheka, zotsalazo ndi kuwerenga ma element. Tiyerekeze kuti n_5 = 6. Ma subgroup awiri osiyana a order 5 amakumana pa identity pokha, popeza pokumanirapo ndi subgroup ya onse awiri, order yake imagawa 5, ndipo siingakhale 5. Aliyense ali ndi ma element 4 akeake, 6 × 4 = 24. Momwemonso n_3 = 10 imapereka 10 × 2 = 20. Kuphatikiza ndi identity akwana 45, m'group ya ma element 30. Sizingatheke. Imodzi mwa ziwirizo ndi 1, ndipo normal subgroup yapezeka. Chiganizo chofotokoza chifukwa chimene amakumanira pa identity pokha chiyenera kulembedwa. Popanda icho proof ndi yoperewera.

Titafika pa funso lomwelo la order 36, mtsikana wina wokhala kutsogolo anakweza dzanja. “Ba Doc, n_3 ikakhala 4, sitingowerenga 4 × 8 = 32 ngati muja tachitira pa 30?” Funso limeneli linaposa mayankho ambiri a lero, chifukwa ndi pomwe anthu amagwera. Sylow 3-subgroup pano ili ndi order 9, ndipo 9 si prime. Ma subgroup awiri a order 9 akhoza kukumana pa ma element 3. Kunena zoona, m'group ya 36 sangachitire mwina: akanakumana pa identity pokha, HK, zotuluka pochulukitsa ma element a subgroup H ndi a subgroup K, ikanakhala ndi ma element 9 × 9 = 81. Ndiye 32 uja ndi wabodza, ma element ena awerengedwa kangapo.

Njira yoyenera ndi ya group action. G imasuntha ma subgroup anayi aja mwa conjugation, ndipo izi zimapereka homomorphism kuchoka ku G kupita ku S4, group ya ma permutation onse a zinthu 4. S4 ili ndi ma element 24, G ili ndi 36, kotero kernel, ma element osasuntha ngakhale imodzi mwa ma subgroup anayiwo, ndi yokulirapo kuposa identity. Sikhalanso G yonse, chifukwa lamulo lachiwiri likuti anayiwo ndi conjugate, kutanthauza kuti amasunthidwadi. Kernel iliyonse ndi normal, nkhani yatha. Mbali yomalizayi, yoti kernel si G yonse, ndi imene inasowa pa mapepala ambiri amene anayesa njirayi.

Kwa ine, order 36 imayenera kupatsidwa ola lathunthu. Wophunzira amene waona kuwerenga ma element kukukanika ndi amene amamvetsa chifukwa chake kunagwira pa 30.

Nthawi itatsala pang'ono tinayang'ana A5, ya order 60, pomwe kuwerenga kumakwana ndendende: n_5 = 6 imapereka ma element 24 a order 5, n_3 = 10 imapereka 20 a order 3, a order 2 alipo 15, ndi identity, onse 60. Palibe chosefukira, ndipo A5 ndi simple group yaing'ono kwambiri yosakhala abelian. Galois theory ikadzayamba tidzaifuna, chifukwa ndiyo imachititsa kuti equation ya degree 5 isakhale ndi formula ya ma radical yothetsera zonse.

Homuweki ya Lachisanu ndi funso lomwelo pa order 56 ndi 48. Pa 56, n_7 ndi 1 kapena 8. Ikakhala 8, ma element 48 apita, atsala 8, okwanira Sylow 2-subgroup imodzi yokha. Pa 48 kuwerenga sikuthandiza, pakufunika action yopita ku S3.